Phewa ndi chiuno zikavulala: mafunso ndi mayankho pa za mafizo ndi zimene ofufuza alemba

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwerabwera kuno ku Mangochi: pakhonde pamene anthu akudikira kuonana ndi adokotala, pagombe pamene alovi akusoka maukonde, ngakhalenso pa WhatsApp usiku wina akalephera kugona ndi phewa. Ena ndi a odwala, ena a magadiyani, ena a ophunzira amene auzidwa kuti akawerenge zolemba za ofufuza koma sakudziwa poyambira. Ndawaika pamodzi chifukwa onsewa amatunga pachitsime chimodzi. Tsambali silingakugwireni phewa n'kulipima, choncho wovulala apitebe kuchipatala.

Kodi mafizo ndi chiyani? Si kuthowa komwe kuja?

Ayi. Kuthowa ndi madzi ofunda kumapepuza ululu kwa kanthawi, ndipo palibe cholakwa ngati fupa silinathyoke komanso malowo sanatupe ndi mafinya. Koma mafizo ndi ntchito imene wodwala amagwira yekha: kuyendetsa mfundo kuti isaume, kenako kupatsa minofu katundu pang'onopang'ono mpaka ithe kusenza zimene inkasenza kale. Wa mafizo amapima, amasankha zochita, amaonjezera kapena kuchepetsa. Thukuta ndi lanu.

Ambiri amakhumudwa tsiku loyamba. Amabwera akuyembekezera makina kapena mafuta, n'kubwerera ndi malangizo okankha khoma ndi kukweza botolo la madzi. Muona m'munsimu kuti malangizo ooneka achabechabewa ndi amene apikisana ndi mpeni wa opaleshoni m'kafukufuku wamkulu, osagonja.

N'chifukwa chiyani phewa limavulala msanga kuposa chiuno?

Mfundo zonse ziwiri ndi mutu wozungulira wa fupa wokhala m'kabowo. Kusiyana kwake n'kwakuti kabowo ka m'chiuno n'kakuya ngati mtondo, pomwe ka paphewa n'kosaya ngati kambale ka ndiwo. N'chifukwa chake mkono umafika kumsana, kumwamba, kulikonse, koma umadalira minofu kuti usachoke m'malo. Minofu yake yaikulu pa ntchitoyi ndi inayi, yochokera pafupa lophwatalala la kumsana n'kukumbatira mutu wa fupa la mkono. Madokotala amaitcha rotator cuff. Wopalasa bwato, wokoka chilimira, mayi wotula ndowa pamutu, onsewa amaigwiritsa ntchito tsiku lonse.

Chiuno sichiguluka wamba. Chikaguluka ndiye kuti ngozi inali yaikulu, monga ya galimoto kapena njinga yamoto. Vuto lake lenileni ndi kuthyoka kwa okalamba, kutha kwa mfundo, ndi minofu ya m'thako.

Mawu akuti chiuno amatisokonezanso. Wina akati chiuno akunena msana wam'munsi, wina thako, wina pambali pamene amagonera, wina m'mphechepeche. Mukafika kuchipatala, lozani ndi chala. Ululu wa m'nyung'unyu mwenimweni umamveka kwambiri kutsogolo, chakumphechepeche, ndipo nthawi zina umatsikira kubondo.

Ndi zizindikiro ziti zimene sizifuna mafizo koma kuthamangira kuchipatala?

Munthu wagwa ndipo sakutha kuponda. Mwendo wafupika kapena phazi lagwera kunja. Phewa lasintha maonekedwe pambuyo pa ngozi. Mkono wachita dzanzi kapena dzanja lazizira. Mfundo yatupa, yatentha, thupi nalo latentha. Ululu wa usiku wosaleka pamodzi ndi kuonda kapena kutuluka thukuta, chifukwa TB imagwiranso mafupa, makamaka msana ndi chiuno. Ululu wa paphewa lakumanzere wobwera ndi kubanika pachifuwa ungakhale wa mtima.

Ana akhale apadera. Khanda losiya kugwedeza mkono umodzi, kapena mwana wokana kuponda uku akutentha thupi, asagone kunyumba. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 10 mpaka 15 wotsimphina n'kumadandaula bondo apimidwenso chiuno, poti pa msinkhu umenewu mutu wa fupa la ntchafu umatha kutsetsereka, ululu n'kumamvekera kubondo.

Mumakonda kunena kuti kafukufuku wapeza. Amafufuza ndani, ndipo amalemba kuti?

Amafufuza ndi madokotala a mafupa, akatswiri a mafizo ndi odziwa masamu a zowerengera, nthawi zambiri m'magulu. Akamaliza amalemba pepala n'kulitumiza kumagazini ya zachipatala monga Lancet, BMJ, JAMA, kapena Malawi Medical Journal ya kwathu konkuno. Akonzi amalipereka kwa akatswiri ena kuti alisanthule lisanasindikizidwe. Mapepala onse amene munthu wasindikiza ndiwo mbiri yake ya zolemba.

Aliyense wokhala ndi bandulo angaione. Lembani dzina la wofufuzayo pa PubMed kapena Google Scholar, nkhokwe za pa intaneti zosakira mapepala a ofufuza. Pa za mafizo pali nkhokwe ina yotchedwa PEDro, imene inayamba ku Sydney mu 1999, ndipo ubwino wake ndi woti imapereka malikisi, kuyambira 0 mpaka 10, poona mmene kafukufuku anachitidwira. Bungwe la Cochrane limasonkhanitsa kafukufuku yense wa funso limodzi n'kumuyeza pamodzi. Pa nkhani za phewa mudzakumana kawirikawiri ndi dzina la Rachelle Buchbinder wa ku Monash University, ku Australia, amene wagwira ntchito yambiri ya mtunduwu.

Wofufuza wina ali ndi mapepala oposa 200. Ndiye kuti ndi katswiri woti timukhulupirire?

Chiwerengero chokha sichinena kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali magazini amene amasindikiza chilichonse bola walipira, osachisanthula, ndipo munthu angadzaze nawo masamba. Palinso chizolowezi chodula kafukufuku mmodzi m'tizidutswa kuti atuluke mapepala asanu.

Mudzaonanso nambala yotchedwa h-index, imene anayambitsa Jorge Hirsch mu 2005. Munthu akakhala ndi 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa ndi ofufuza ena kosachepera ka 20. N'njothandiza, koma imakondera amene akhalitsa pantchito ndi amene amalemba za matenda otchuka. Wofufuza wa ku Blantyre wolemba za kukoka mwendo wothyoka sangatchulidwe ngati mnzake wa ku London, ngakhale pepala lake litakhala lofunika kwa ife kuposa.

Ine ndikatsegula mbiri ya munthu ndimayamba ndaona malo a dzina lake. M'zachipatala, dzina loyamba kawirikawiri ndi la amene anagwira ntchito yambiri, lomaliza ndi la mkulu woyang'anira. Dzina lopezeka pakati pa anthu 30 nthawi zonse ndi la wothandizira. Kenako ndimaona mtundu wa mapepalawo. Nkhani ya wodwala mmodzi, kapena maganizo a wolemba, sizifanana ndi kafukufuku amene odwala anagawidwa mwamaere m'magulu n'kutsatiridwa chaka chathunthu. Ndimaonanso ngati pali ulusi, kutanthauza funso limodzi limene munthuyo walilondola zaka zambiri. Chomaliza, chimene ndimachilemekeza koposa: kodi anasindikizapo zotsatira zotsutsana ndi ntchito imene amadyera?

Chitsanzo ndi Amar Rangan, dokotala wa opaleshoni ya mapewa ku England. Mu 2015 gulu lake linasindikiza mu JAMA kafukufuku wa ProFHER, wa anthu 250 othyoka fupa la mkono pafupi ndi phewa. Ena anachitidwa opaleshoni, ena anangomangidwa mkono m'nsalu yokolowekera n'kuchita mafizo. Patatha zaka ziwiri panalibe kusiyana kwenikweni. Dokotala wa mpeni kulemba kuti mpeni sunapambane nsalu, ameneyo ndi wofunika kumumvera. Dzina lake mulipezanso pa funso la phewa louma.

Phewa limandiwawa ndikakweza mkono, makamaka usiku. Kodi ndikufunika opaleshoni?

Ili ndiye funso la alovi. Bambo wina wa zaka za m'ma 40 anandionetsa vuto lake osalankhula: anayamba kuvula malaya, mkono utafika chapakati anaima, nkhope itakwinyika, kenako anaukankha ndi dzanja linalo mpaka unadutsa pamalo powawapo n'kukwera bwinobwino. Ululu wotere, wa pakatikati pa ulendo wa mkono, kawirikawiri umachokera ku minofu inayi ija.

Kwa zaka zambiri madokotala a kunja ankapala fupa la pamwamba pa phewa poganiza kuti likukhula minofu. Mu 2018 Lancet inasindikiza kafukufuku wa CSAW, wotsogoleredwa ndi David Beard ndi Andrew Carr a ku Oxford, wa odwala 313. Gulu lina linapalidwa fupa, lina linangolowetsedwa kamera m'phewa osapala kanthu, lina silinachitidwe chilichonse. Opalidwa ndi ongolowetsedwa kamera anachira mofanana, ndipo onse anangoposa pang'ono osachitidwa kanthu aja. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Finland wotchedwa FIMPACT anapezanso kuti kupalako sikuposa opaleshoni yonamizira.

Ndiye musagulitse bwato kuti mukalipire opaleshoni imeneyi. Yambani ndi mafizo kwa milungu 12. Kusiyana kulipo ngati munagwa kapena kukokedwa mwamphamvu, kenako mkono n'kukanikiratu kukwera. Pamenepo mnofu ungakhale utaduka mwadzidzidzi, ndipo adokotala a mafupa akuoneni msanga.

Ndimakhala kutali, ku Makanjira. Sindingathe kubwera mlungu uliwonse. Mafizo anga apindula?

Apindula. Kafukufuku wa GRASP, wa mu Lancet mu 2021, anatenga anthu 708 a ululu wa mtundu womwe uja. Ena anakumana ndi wa mafizo maulendo ofika 6, ena kamodzi kokha n'kupatsidwa malangizo omveka bwino okachita kunyumba. Patatha chaka magulu awiriwa sanasiyane. Kwa munthu amene ulendo umodzi wa kuboma umamudyera ndalama ya ufa wa mlungu, nkhaniyi n'njaikulu.

Koma kamodziko kakhale kokwanira. Musatuluke m'chipinda musanachite chilichonse pamaso pa wa mafizoyo. Pemphani akujambulireni papepala, kapena mwana wanu atenge vidiyo pafoni. Funsani kangati patsiku, ndi ululu wochuluka bwanji umene mungaupirire, ndiponso tsiku loti mubwerere ngati sizikusintha.

Sikani yaonetsa kuti mnofu wang'ambika. Basi ndatha ntchito?

Ofufuza a ku Japan, motsogoleredwa ndi Atsushi Yamamoto, anapima anthu a m'mudzi wina wa kumapiri, odwala ndi osadwala omwe, n'kusindikiza zotsatira mu 2010. Pa mapewa asanu alionse, limodzi linali long'ambika mnofu, ndipo kung'ambikako kunkachuluka ndi msinkhu. Ambiri a iwo sankamva ululu uliwonse. Kung'ambika kwina kuli ngati imvi. Chimene tikuchiza ndi munthu amene akulephera kupalasa, osati chithunzi.

Phewa langa lauma, silikwera ngakhale wina alikweze. Ndi nyamakazi?

Ngati muli pakati pa zaka 40 ndi 60, ndipo linayamba ndi ululu woopsa kenako n'kuuma, likhoza kukhala limene Ernest Codman wa ku Boston analitcha frozen shoulder mu 1934. Thumba lokuta mfundo limatupa n'kukhwinyata. Chizindikiro chake n'chakuti chigongono chikakhala m'nthiti, dzanja silitembenukira kunja. Amayi amayamba kuzindikira pomanga mpango kapena pofikira kumsana posamba.

Kayezetseni shuga. Vutoli limakonda anthu a shuga, ndipo ena amadziwira pomwepo kuti ali naye. Limatenga nthawi, chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo ena amatsala ndi kuuma pang'ono. Kafukufuku wa UK FROST, wa Rangan yemwe uja, mu Lancet mu 2020, anayerekeza njira zitatu pa odwala 503: mafizo pamodzi ndi jekeseni, kuthyola kuumako munthu atagonekedwa, ndi kudula thumbalo ndi opaleshoni ya kamera. Patatha chaka panalibe njira yoposa zinzake moonekeratu, ndipo zovuta zazikulu zinachuluka kwa odulidwa.

Pamene likuwawa kwambiri musalole achibale kulikoka mwamphamvu kuti limasuke. Kutema mphini nakonso sikufika pathumbalo, ndipo kwa munthu wa shuga bala lililonse ndi mlandu wina.

Phewa linaguluka tili panyanja, anzanga analibwezera. Ndipitebe kuchipatala?

Pitani. Kuguluka kumatha kubwera ndi kuthyoka kwa fupa kapena kuvulala kwa mtsempha wa dzanzi, ndipo izi sizioneka ndi maso. Wobwezera mopondera m'khwapa n'kukoka angaonjezere pomwepo.

Lennart Hovelius wa ku Sweden anatsatira anthu oguluka phewa koyamba kwa zaka 25. Anapeza kuti msinkhu ndiwo umalamula: wamng'ono amaguluka mobwerezabwereza kuposa wamkulu, ndipo kumanga mkono nthawi yaitali sikunasinthe zimenezi. Choncho nsalu yokolowekera ndi ya masiku ochepa opumitsa ululu, osati miyezi. Mnyamata amene laguluka kachiwiri kapena kachitatu akambirane za opaleshoni, chifukwa apa mpeni uli ndi malo ake. Wopitirira zaka 40 aonetsetse ngati mkono ukukwera pakatha milungu iwiri kapena itatu. Ukakanika, onani zimene tanena za mnofu woduka mwadzidzidzi.

Ndimamva ululu pambali pa chiuno, sindigonera mbali imeneyo. Jekeseni ingathandize?

Vutoli limagwira kwambiri amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo limachokera pamene minofu ya m'thako imamatirira kufupa la ntchafu. Kafukufuku wa LEAP wa ku Australia, wa Rebecca Mellor, Alison Grimaldi, Bill Vicenzino ndi anzawo, anatuluka mu BMJ mu 2018 ndi anthu 204. Patatha milungu 8, mwa amene anaphunzitsidwa ndi kuchita mafizo, oposa 75 pa 100 alionse anati ali bwino. A jekeseni anali pafupifupi 58, ongodikira pafupifupi 29. Patatha chaka a mafizo anali patsogolobe, pomwe a jekeseni anali atatsala pang'ono kupezedwa ndi ongodikira aja.

Ndi mmene jekeseni wotere wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, amachitira, paphewa ndi pachiuno pomwe: amathandiza milungu ingapo, kenako phindu limazilala. Ndi wabwino potsegula mpata woti mugone tulo ndi kuyamba mafizo. Kwa a shuga amakweza shuga kwa masiku angapo.

Maphunziro aja ndi osavuta. Musaime motsamira mwendo umodzi, monga amachitira mayi wonyamula mwana pambali podikira pamjigo. Musapingase miyendo pokhala. Pogona ikani pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo, ndipo ngati mumagona pamphasa, yalanipo chofewa.

Za mapiritsi: panado alibe vuto pa mlingo wake. Bufeni ndi indosidi ogula pagolosale n'kumamwa miyezi amaononga m'mimba ndi impso, makamaka kwa okalamba ndi a BP.

Agogo anagwa kubafa, sakuimirira. Tiwasunge kunyumba kuti fupa ligwirane lokha?

Musatero. Ndi pano pamene zonse tanena zoyamikira kudekha zimathera. Kuthyoka chiuno kwa wokalamba kumapha, osati chifukwa cha fupalo koma chifukwa cha kugona: chibayo, zilonda za pamsana, magazi kuundana m'miyendo, minofu kusungunuka. Ndinaonapo agogo ena atabwera patatha milungu itatu, atanyamulidwa pamatiresi kumbuyo kwa lole yaing'ono. Banja linkawathowa m'mawa ndi madzulo, mwachikondi ndithu. Potembenuza tinapeza chilonda pathako chachikulu ngati chikhatho. Chilondacho chinavuta kuposa fupa.

Ku Britain malangizo a bungwe la NICE amati opaleshoni ichitike tsiku lomwe wodwala wafika kapena lotsatira, ndipo ayambe kudzutsidwa mawa lake. Kuno njira ndi yotalikirapo. Pa chipatala cha boma woyamba kukuonani pa za mafupa amakhala orthopaedic clinical officer, kiliniko ofisala wophunzira za mafupa, ndipo iye ndi amene amaona ngati wodwala atumizidwe ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 190. Ena amathandizidwa pomangirira zolemera kumwendo ali pabedi kwa milungu ingapo.

Kaya opaleshoni, kaya zolemera, gadiyani ali ndi ntchito. Wodwala asunthidwe pafupipafupi, pafupifupi maola awiri alionse, monga mwa malangizo a anamwino. Khungu likhale louma, nsalu zosakwinyika. Apume mozama kangapo pa ola, agwedeze mapazi, alimbitse minofu ya ntchafu ndi ya mikono poti idzafunika pandodo. Adye zomanga thupi, ndipo usipa, umene timadya ndi minga yomwe, ndi chakudya chabwino cha mafupa. Akabwerera kunyumba konzani pomwe anagwera paja: pansi poterera, mwala wogwedera, njira ya kuchimbudzi yopanda kuwala. Chimbudzi chonjuta chiikiridwe mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira.

Ndine wachinyamata, sindinagwe, koma m'nyung'unyu mukuwawa ndipo ndayamba kutsimphina. N'chiyani?

Chimodzi choyenera kuchiganizira ndi kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu chifukwa magazi sakufikako. Kumabwera ndi matenda a magazi a sickle cell, mowa wambiri, kumwa ma steroid nthawi yaitali, komanso kumapezeka mwa ena amene ali ndi HIV. Musasiye ma ARV chifukwa cha ichi. Kajambulitseni. Mafizo ndi ndodo zimachepetsa ululu, koma mutu wa fupa ukaphwanyika, chothandiza ndi kuika mfundo yachitsulo. Za opaleshoniyi ku Malawi onani funso la kafukufuku wa kwathu.

Timasewera mpira pamchenga ndi pagalaundi. M'mphechepeche mumatikoka kawirikawiri. Tingapewe bwanji?

Limbitsani minofu ya m'kati mwa ntchafu. Per Hölmich wa ku Denmark anaonetsa mu Lancet mu 1999 kuti osewera ovulala m'mphechepeche ochita masewera olimbitsa minofuyi anabwerera m'bwalo ambiri kuposa ongosisitidwa ndi kuthandizidwa ndi makina. Mu 2019 Joar Harøy ndi anzake anayesa njira imodzi yokha pa matimu a ku Norway, ndipo mavuto a m'mphechepeche anatsika ndi 41 pa 100 alionse.

Njirayo imatchedwa Copenhagen ndipo siifuna chida. Gonani chammbali motsamira chigongono. Mnzanu agwire mwendo wapamwamba, dzanja lina pabondo, lina pakakolo, m'chiuno mwake. Kwezani thupi liwongoke, kenako kwezani mwendo wapansi ukakhudze wapamwamba, n'kuutsitsa mosathamanga. Yambani ndi maulendo atatu kapena asanu mbali iliyonse. Mawa lake mudzayenda ngati mwakwera bulu, koma zimatha.

Kodi kafukufuku wa kuno ku Malawi alipo, kapena zonse n'za azungu?

Alipo, ndipo amayankha mafunso athu. Mu 2002 gulu la ku Blantyre, mmene munali Chris Lavy, linasindikiza kafukufuku wa ana 61 a mafinya m'mfundo ya phewa. Anayerekeza kukoka mafinyawo ndi singano ndi kung'amba n'kutsuka, ndipo anapeza kuti njira ziwirizi zimachiza mofanana. Kachilombo kamene kankapezeka kwambiri kanali Salmonella. Kwa chipatala cha kuboma chopanda dokotala wa opaleshoni ya mafupa, yankho limenelo ndi la mtengo wapatali.

Mu 2008 Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba za pulogalamu yophunzitsa ma orthopaedic clinical officer, imene inayamba mu 1985 ndipo ndi imene yasenza chisamaliro cha mafupa m'maboma. Kuyambira 2005 dziko lino lili ndi kaundula wa anthu oikidwa mfundo zachitsulo, ndipo zolemba zochokera m'kaundulayu zaonetsa kuti anthu amene ali ndi HIV amachira bwino akaikidwa chiuno chatsopano. Mu 2020 Linda Chokotho ndi anzake anasindikiza zotsatira za akuluakulu othyoka fupa la ntchafu, poyerekeza oikidwa chitsulo m'kati mwa fupa ndi okokedwa ndi zolemera. A chitsulo anabwerera msanga ku moyo wawo. Dziwani kuti apa ankanena za pakati pa fupa la ntchafu, osati khosi lake la m'chiuno limene amathyoka agogo.

Mbali ya mafizo ndi yaing'ono msinkhu. Digiri yake inayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Izi zisanachitike ntchito yambiri inkagwiridwa ndi bungwe lothandiza olumala la MAP ndi malo ake a Kachere ku Blantyre. Wophunzira amene akufuna mutu wa kafukufuku asavutike kuyang'ana kutali: mapewa a alovi a ku Msaka ndi ku Malindi ali pompano.

Zimene anapeza ku Oxford ndi ku Australia zingagwire ntchito pa msodzi wa ku Malombe?

Mnofu ndi womwewo, ndipo umachira mwa njira yomweyo. Chosiyana ndi katundu amene ukubwererako. Odwala a m'kafukufuku uja ankafunsidwa ngati akutha kupesa tsitsi, kuvala, kupachika zovala ndi kunyamula thumba la zogula. Munthu angapeze malikisi onse pamafunso amenewo koma osatha kupalasa polimbana ndi mwera. Chimodzimodzi pachiuno: kwathu kuchira ndi kutha kunjuta, kukhala pansi pamaliro, kugwada ndi kukhala pa swala mumzikiti, kupalasa kabaza wokweza munthu ndi thumba la chimanga.

Choncho powerenga pepala lililonse, onani gawo lofotokoza anthu amene analowamo: zaka zawo, ntchito zawo, ndi amene anakanidwa. Ndipo pokumana ndi wa mafizo, nenani ntchito yanu yeniyeni. Musangoti ndikufuna kuchira. Nenani kuti ndimakoka khoka, ndimasinja, ndimasenza ndowa ya malita 20, kuti mafizo akafike pamenepo.

Ndibwerere liti kunyanja kapena kumunda?

Kalendala siyankha bwino funsoli. Mayeso ndi awa: mkono ukufika pamene umafika unzake, mukugonera mbali imeneyo, ndipo mukutha kuchita ntchitoyo pang'ono popanda ululu kukula mawa lake. Ululu wochepa pochita mafizo ndi wololedwa ngati ukuzilala pofika tsiku lotsatira. Ukakula kapena kukulanditsani tulo, mwapyola, bwererani pa mlingo wa dzana.

Kwa wothyoka fupa kapena wochitidwa opaleshoni, tsiku loyamba kuponda kapena kunyamula amanena ndi amene anakuthandizani, ataona chithunzi. Kwa enawo, bwererani mwamagawo. Ndikudziwa kuti mwini zida sadikira ndipo pakhomo pafunika ndiwo, choncho kambiranani naye: mlungu woyamba kusoka maukonde ndi kuyanika pathandala, wachiwiri kupalasa pafupi ndi gombe m'mawa nyanja ili bata, nkhafi ikusinthidwa mbali. Kukoka chilimira usiku wonse kubwere pomaliza, ndipo tsiku loyambalo muime pamalo poti wina angakulandireni chingwe.